Nedyalka ndi Disiki Yokalamba ya ku Drenka

Nedyalka ndakhala naye khoma limodzi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ndimaphika banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi, ndi kugulitsa khofi pansi pa nyumba zosanjikizana za mumsewu wathu kuno ku Stara Zagora, ndipo iye amakonza makompyuta m'kachipinda koyandikana ndi kanga. Khomalo ndi lopyapyala zedi. Akatukwana makina ndimamva, ine ndikapsereza mtanda iye amanunkhiza n'kugogoda.

Ndi mayi wamfupi, wouma thupi, magalasi amalendewera pachingwe m'khosi, ndipo ndudu imachoka pakamwa pake pokhapokha akamatsegula makina a munthu. Analowa ntchito ku fakitale ya madisiki akungochoka pasukulu, nthawi ija mzinda wathu unkapanga zinthu zimenezi n'kumatumiza kumayiko ena. Ankagwira m'chipinda chomwe fumbi linali loletsedwa, atavala zoyera thupi lonse, maso okha ali pamtunda. Ntchito yake inali yomangirira kasingano kowerenga zolembedwa pa timbale ta m'kati mwa disiki. Pafupi naye pankakhala mtsikana wina wochokera kumapiri, dzina lake Totka. Anakhala moyandikana choncho zaka khumi ndi zinayi, akucheza pakamwa potseka ndi nsalu. Nedyalka ankanena kuti mphuno ya Totka akhoza kuiiwala, koma maso ndi mawu ake angawazindikire ngakhale pakati pa msika.

Gawo lawo litatsekedwa, aliyense anaona msana wa njira. Totka anapita ku Italy kukasamalira okalamba, monga anachitira amayi ambiri a kuno. Nedyalka anatsala. Mwamuna wake, yemwe ankayendetsa malole, anamwalira ana akadali pasukulu, ndiye iye anagula mabuku n'kudziphunzitsa yekha kukonza makompyuta. Awiriwo ankalemberana makalata, kenako n'kumaimbirana pa Khirisimasi pokha, kenako zii. Palibe amene analakwira mnzake. Kungoti zaka zimadya ubwenzi mwakachetechete ngati chiswe.

Masiku ano ntchito yake yambiri ndi imodzi. Munthu amabwera akudandaula kuti kompyuta ikuyenda ngati nkhalamba pachitunda. Nedyalka amagunditsa sikuludilaiva pa disiki, mbali inayo n'kuika kukhutu, n'kumvetsera mmene timbale tikuzungulirira. Akatero amasamutsa zonse, kuyambira pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo mpaka kachithunzi komaliza, n'kupita nazo pa kadisiki katsopano kotchedwa SSD, kopanda chozungulira chilichonse m'kati, kothamanga koopsa. Mwiniwake akayatsa amapeza zonse zili m'malo mwake, koma makina akudzuka msangamsanga. Koma Nedyalka kadisiki kameneka sakakonda.

"Disiki yakale ikamafa imabuula, umadziwiratu," amatero. "Aka kamangofa kali chete ngati mphaka."

Linali Lachitatu, mwezi wa Ogasiti, chaka cha 2017, dzuwa litakwera, pomwe ndinamupititsira khofi. Foni yake inalira manja onse ali m'mimba mwa kompyuta ya munthu.

"Slavena, tadina pamenepo, uike pa sipika," anatero.

Ndinadina. Poyamba kunangomveka ngati mphepo ikuwomba m'paipi. Kenako mawu a mzimayi, osasa, ochokera kutali.

"Nedya? Ndine."

Nedyalka anagwetsa sikuludilaiva. "Totka! Mfiti iwe, ukadali ndi moyo? Zaka zonsezi osandiimbira!"

"Tamvera. Kompyuta ya bambo kumudzi ikufa. Pita ukasamutse zonse. Usasiye kanthu."

"Uli kuti kodi? Ukusambitsabe nkhalamba za eni? Nanga mawuwa bwanji, chimfine?"

"Lachisanu lisanafike, Nedya. Usasiye kanthu."

Foni inaduka. Pagalasi lake panalibe nambala, panangolembedwa kuti woimba sakudziwika. Nedyalka anaseka mpaka kutsokomola.

"Sanasinthe ameneyu. Kulamula basi, moni ayi." Ndiye anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Galimoto yako ija imayendabe?"

"Imayenda ikafuna."

"Mawa ifune."

M'mawa mwake ndinatseka banitsa itangotha, tinanyamula chikwama cha zipangizo n'kuuyamba. Ku Drenka, kwawo kwa Totka, ndi ulendo wa maola awiri, ndipo theka lomaliza phula linatha kalekale. Nedyalka anali atapitako kamodzi kokha, paukwati wa mnzakeyo, pomwe zitoliro zinalira masiku atatu anthu n'kusowa pokhala. M'njira ankandifotokozera nyumba ndi nyumba ngati tikawapeza anthuwo akuvinabe.

Tinalowa m'mudzimo dzuwa lili paliwombo. Palibe galu anauwa. Madenga ambiri anali atagwera m'kati, mitengo ya mapulamu itamera m'zipinda, zipatso zikuwolera pansi, mavu okha ndiwo ankamveka. Pachipata chilichonse panali mapepala a maliro, aja timamata okhala ndi chithunzi cha womwalira, dzina ndi zaka zake. Akalekale anali osindikiza bwinobwino ngakhale anali atasuluka ndi dzuwa. Koma aposachedwa onse anali olemba pamanja ndi bolopeni, opanda chithunzi. 

A Parashkev, bambo ake a Totka, tinawapeza atakhala pamasitepe a holo ya mudzi. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, atavala jekete pakutentha konseko. Kale anali mlembi wa mudziwo, ndipo makiyi a holo ankawasungabe ngakhale m'Drenka munali mutangotsala anthu anayi. Pambali pawo panali mayi wina wokalamba, a Stana, akudula zitheba m'beseni.

"Mukufuna ndani, ana inu?" anafunsa a Parashkev. "Ngati ndi nyumba zogula, sankhani, zonsezi zilibe eni."

"Ndine Nedyalka, bambo, wa ku fakitale uja. Ndinavina paukwati wa Totka mpaka chidendene cha nsapato kuthyoka. Dzulo anandiimbira kuti kompyuta yanu ikuvuta."

Beseni la a Stana linapendekeka, zitheba n'kumwazika pamasitepe. Sanatole. Anachita chizindikiro cha mtanda, nadzuka, n'kuzimiririka kuseri kwa holo.

A Parashkev anamuyang'ana Nedyalka nthawi yaitali, milomo ikugwedezeka ngati munthu wowerenga chamumtima.

"Anakuimbira," anatero pomaliza. "Akumveka bwanji?"

"Mawu asasa. Koma kulamula n'komwe kuja."

"Eya. N'komwe kuja." Anatulutsa makiyi m'thumba. "Lowani."



M'holo munkazizira ndipo munkanunkha mabuku onyowa. Kaofesi kanali kumapeto. Kompyuta inali patebulo, yofunditsidwa nsalu yoluka pamanja, ndipo pambali pake panali pulinta, nayonso pansi pa nsalu yake. Zonsezi anatumiza ndi Totka kuchokera ku Italy zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. A Parashkev anavundukula kompyuta yokha n'kudina batani.

"Kukanakhala m'mawa, apa ndikanapita kukadyetsa nkhuku," anatero. "Ndikamabwerako ndimapeza yatsala pang'ono kudzuka."

Sankanama. Tinadikira pafupifupi theka la ola makinawo akubuula, akukwakwaza ngati chigayo chopanda madzi. Potsiriza pagalasi panaoneka chithunzi cha Totka ataima m'mphepete mwa nyanja, ndipo pakona panatseguka pulogalamu yoimbirana ija, yokhala ndi kankhope kake ndi kadontho kotuwa pambali.

"Kadontho aka kakabiriwira ndiye kuti alipo," anatero madalawo. "M'mawa uliwonse ndimayang'ana."

Nedyalka anasuzumira kuseri kwa tebulo. Anandikoka dzanja n'kundionetsa waya wa intaneti, wolendewera, wodukaduka ndi mano a makoswe, fumbi la zaka lili pamwamba. Sanawauze kanthu. Anamasula chivundikiro cha kompyuta, nagunditsa sikuludilaiva pa disiki, natseka maso. Ndamuona akuchita zimenezi kambirimbiri, koma tsikulo nkhope yake inasintha.

"Iyi sikudwala ayi," anatero. "Iyi ili kale panjira. Kaya Totkayo wadziwira kuti."

Anawafotokozera a Parashkev kuti sangaikemo mapulogalamu atsopano, chifukwa akale ngati awo sapezekanso, ndiponso iwo anazolowera kuti chilichonse chikhale pomwe chimakhala. Chofunika chinali kukopera disiki yonse mmene iliri, ndi mabala ake omwe, kupita pa kadisiki katsopano. Anatulutsa kanthu kochepa ngati paketi ya ndudu. Madalawo anakanyamula m'manja n'kukagwedeza pafupi ndi khutu.

"Muli kanthu muno?"

"Mulibe. Tikufuna tiikemo."

"Totka yense angakwane m'kameneka?"

"Ndi malo otsala," anatero Nedyalka.

Analumikiza mawaya, nayambitsa ntchito. Pagalasi panabwera mzere wodzaza pang'onopang'ono, ndi nambala yosonyeza pomwe tafika mwa zana limodzi. Khumi. Makumi awiri. Tinakhala pamipando ya ana asukulu akalekale, tikudya mapulamu omwe madalawo anatitchera. Kunja kunali phee, ngakhale nkhuku zawo sizinkamveka. Nambala inafika pa 63 n'kuima.

Ndiye disiki inayamba kulira. Kho. Kho. Kho. Ngati munthu akugogoda pawindo ndi chikhadabo chimodzi, osafulumira, osasiya.

"Apa pali malo owola," anatero Nedyalka. "Kasingano kakufika pamenepo n'kubwerera. Nditha kuwadumpha, zinazo zipita bwinobwino."

"Pali chiyani pamenepo?" anafunsa a Parashkev.

"Sindingadziwe mpaka pawerengeke."

Madalawo anayang'ana kumbali kwa pulinta yofunditsidwa ija, kenako pansi. "Dumpha, mwana wanga. Zina ndi zofunika kuzisiya."

"Ayi, bambo. Ndauzidwa kawiri kuti ndisasiye kanthu. Mwana wanuyo mumamudziwa, angandiseke mpaka chaka chamawa." Anatembenukira kwa ine. "Slavena, tenga mabotolo awa, ukatunge madzi ozizira kukasupe. Yatentha kwambiri iyi."

Kasupe anali pabwalo, kutsogolo kwa tchalitchi chokhoma. Ndikutunga ndinamva kuti wina akundiyang'ana. Anali a Stana, ataima kuseri kwa mpanda, manja atabisa pansi pa epuloni.

"Iwe mayi wa galimoto," anaitana motsitsa mawu. "Foniyo unamva nawo?"

"Ndinamva, agogo."

"Ndi makutu ako? Mawu enieni?"

"Enieni. Bwanji kodi?"

 Anangopukusa mutu n'kubwerera chammbuyo mpaka masamba anawabisa.  Ndinathamanga ndi mabotolo aja ngati mwana.

Nedyalka anali atachotsa kale disiki m'malo mwake, mawaya akadali olumikiza. Anaiimiritsa chammbali pakati pa mabuku awiri, naigunditsa mabotolo ozizira uku ndi uku, n'kuika chala chimodzi pamwamba pake ngati namwino womva mtima wa wodwala. Ankainong'oneza mawu omwe sindinawamve. Kho. Kho. Kho. Zinatenga ola lathunthu. A Parashkev sanasunthe, zikope zokha ndizo zinkaphethira nthawi iliyonse disiki ikagogoda. 

Mwadzidzidzi kugogoda kunaleka. Nambala inasintha kukhala 64.

Kuchokera apo zinayenda ngati madzi. Itangofika pa zana, disiki inatulutsa kamluzu kotsika, ngati munthu wopuma atatula katundu, n'kukhala chete. Nedyalka anazula waya, nabwezeretsa, nayesanso katatu. Sinazungulirenso.

"Yapirira mpaka yatula," anatero, akupukuta thukuta. "Mawa tikanangopeza mtembo."

Anamangirira kadisiki katsopano m'malo mwa yakale, natseka chivundikiro. "Yatsani, bambo."

A Parashkev anadina batani, ndipo mwachizolowezi anadzuka kulowera kuchitseko. Asanagwire n'chogwirira chomwe, chithunzi cha Totka chinali kale pagalasi, chilichonse chili pamalo pake. Madalawo anabwerera pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa.

"Ndiye nkhuku zanga ndizidzadyetsa nthawi yanji?" anatero. Tonse tinaseka, koyamba chilowereni m'holomo.

Kuseka kusanathe, pansi pa nsalu yachiwiri ija panawala kagetsi kobiriwira. Pulinta inang'ung'udza, nitenthetsa m'mimba mwake, fungo la fumbi lopsa n'kudzaza chipinda. Nsalu inayamba kutukuka. Pepala linatuluka n'kugwera pansi chafufumimba. Lina linatsatira. Lina.

Nedyalka anawerama n'kutola loyamba.  Ndinasendera pafupi.

Linali pepala la maliro. Mtanda pamwamba, chithunzi pakati, maso aja akutiyang'ana. Pansi pake panalembedwa kuti Totka Parashkevova, 1958 mpaka 2013. Kenako mizere iwiri: Mwana wanga, unapita kutali kuti ife tisagone ndi njala. Tsopano wapitirira.

Pulinta inali ikutulutsabe. Mapepala achikasu ndi ukalamba ankagwa limodzi pamwamba pa linzake, nkhope yomweyomweyo, maso omwewo, mpaka anaphimba nsapato zathu. Palibe anaganiza zoizimitsa. A Parashkev anakhala pansi, nayala manja pamaondo, n'kuyamba kulankhula akuyang'ana khoma.

"Munali mu Malichi, zaka zinayi zapitazo. Kalata inabwera ndi galimoto ya buledi, yochokera kwa mdzukulu wanga Iskra, yonena kuti amuika komweko. Ine mtembo sindinauone, dothi sindinaponye. Ndinakhala pampando uwu n'kulemba pepalalo, monga ndinkalembera aliyense wa m'mudzi muno. Ndinadina kuti lituluke. Silinatuluke. M'mawa mwake ndinadinanso. Ayi ndithu. Tsiku lililonse kamodzi, mpaka tsiku la makumi anayi, lomwe mzimu umatsanzika. Tsiku limenelo ndinati, makinawa anagula ndi iyeyo. Ngati iwo akukana kunena kuti wafa, ine ndine ndani kuti ndinene? Ndinafunditsa nsalu. A ena omwalira ndinayamba kulemba pamanja."

Pulinta inakhala chete. Ndinawerenga pambuyo pake: analipo makumi anayi ndendende.

Nedyalka anavula magalasi, nawavalanso. "Izi zili ndi chifukwa chake," anatero. "Ukadina kuti pepala lituluke, limakaima pamzere m'disiki. Malo owola aja ndi pomwe panali mzerewo. Loyamba linakodwa, ena onse anaima kumbuyo kwake. Lero pawerengeka, njira yatseguka. Ndi za makina zimenezo, zimachitika." Anatembenukira kwa madalawo. "Koma nanga anandiimbira ndani? Bambo, munatuma munthu?"

"Foni yanga ine ndi galimoto ya buledi, mwana wanga. Ndipo dzina lako ndalimva lero chichokereni ukwati uja."

"Slavena, unamva iwe. Kapena ndapenga?"

"Ndinamva," ndinatero. Ndikanakonda ndikanakhala kuti sindinamve.

"Zaka zinayi," anatero mawu ena pakhomo. Anali a Stana, atanyamula buledi, botolo la vinyo ndi kachitini ka timisomali. "Zaka zinayi mwana akungoyendayenda wopanda pepala pachipata cha kwawo. Ndinakuuza, Parashkev, gonthi iwe, kuti adzatopa. Dzuka. Tola mapepalawo."

Madalawo anamvera ngati mwana wasukulu. Tinatuluka tonse anayi padzuwa lija. Loyamba anakhoma okha pachipata cha nyumba yawo, pansi pa la mkazi wawo, ndipo nyundo inawapulumuka kawiri. A Stana anathira vinyo pansi, nanyema buledi n'kutigawira, aliyense n'kunena kuti Mulungu amukhululukire. Kenako tinayenda mudzi wonse. Tinakhoma pachitseko cha tchalitchi, pamtengo wa pabwalo, pasitolo yakale, ndi pazipata za nyumba zopanda madenga, chifukwa a Parashkev anati eni ake ankamudziwa Totka ndipo ayenera kumva. Anthu awiri otsala a m'mudzimo, abale awiri okalamba, anatuluka atamva nyundo, navula zipewa, n'kumatitsatira m'mbuyo. Ndikacheuka ndinkaona msewu wonse uli ndi nkhope imodzi mbali zonse ziwiri, ikutiperekeza ndi maso.

Pepala lomaliza a Parashkev analipereka kwa Nedyalka. Pobwerera analigwirizira pamiyendo njira yonse. Sanasute. Titafika pa phula anangoti, "Ndinamufunsa ngati akadali ndi moyo. Ndikuseka."

Nedyalka si munthu wosiya nkhani m'malere. Anali atakopera nambala ya Iskra pakalata ija, ndipo Lolemba anamuimbira. Mawu a mtsikanayo anali opyapyala, chilankhulo chathu akuchilankhula mopunthwapunthwa, osafanana n'komwe ndi omwe tinamva. Anati sanaimbire munthu aliyense kuno, ndipo kompyuta ya agogo ake sankadziwa kuti ikadalipo. Nedyalka anamufunsa kuti mayi ake anamwalira ndi chiyani.

"Matenda a kukhosi," anayankha Iskra. "Miyezi isanu yomaliza sankatha kutulutsa mawu. Ankangolemba papepala."

Masana onsewo kuseri kwa khoma sikunamveke kanthu, ngakhale kutukwana. Pepala lija analimata pachitseko cha kachipinda kake, kunja, monga mwa mwambo. Nkhani ya foniyo sitinaikambenso. Ine ndinayesa kamodzi, iye anangondiuza kuti mtanda wanga ukupserera.

Kuyambira pamenepo tinkapita ku Drenka Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse. A Parashkev anapempha kuti pulogalamu ya kadontho ija ichotsedwe pakona, ndipo Nedyalka anawaphunzitsa kutsegula zithunzi zomwe mwana wawo anasiya m'makinamo, zambiri zomwe iwo anali asanazionepo. Ankaseka ndi zina, monga cha Totka atavala chipewa chachikulu ngati lichero. Koma thupi linayamba kutha. Jekete lija linkakulirakulira mwezi ndi mwezi. Kumapeto kwa Novembala, dalaivala wa galimoto ya buledi anaima pakhomo panga n'kunena kuti madala a makiyi aja sanadzuke.

Tinafika atawaika kale, chifukwa wansembe amadutsako kamodzi ndipo sadikira. A Stana anatitsegulira holo. Nedyalka anayatsa kompyuta, ndipo pakati penipeni pa galasi panali chikwatu chatsopano cholembedwa kuti Otsala. M'kati munali mapepala anayi okonzeratu, lililonse ndi dzina, chithunzi ndi chaka chobadwa, malo a chaka chomaliza ali opanda kanthu. Nedyalka anatsegula la a Parashkev, nalemba tsikulo, nadina. Linatuluka nthawi yomweyo.

"Ndione langa," anatero a Stana.

"Agogo, si bwino zimenezo."

"Ndati ndione. Ndi langa, si lako."

Nedyalka anatsegula. Mayiwo anasendeza nkhope pafupi ndi galasi, nayang'anitsitsa, kenako anaguguda tebulo.

"Galu ameneyu! Waika chithunzi cha pachitupa! Taonani, ngati wakuba nkhuku. Ndiye ndizikhala pachipata zaka ndi zaka ndikuoneka chonchi? Akanakhala moyo ndikanamuswa ndi beseni." Anatembenukira kwa Nedyalka. "Foni yakoyo imajambula?"

"Imajambula."

"Tiye panja."

Kunja kunkazizira koma dzuwa linalipo. A Stana anasankha khoma la holo lomwe laimu anali asanasuluke. Anavula mpango wakuda, natulutsa chipeso m'thumba la epuloni, n'kupesa imvi zawo mosafulumira, ine nditawagwirira kagalasi ka m'chikwama changa. Abale awiri aja anaima chapatali akuonerera, ndipo wamng'onoyo anayamba kukonza kolala ya malaya ake.

"Nanunso muime pamzere," a Stana anawauza. "Koma ine ndiyambe." Anawongola msana, nakweza chibwano. "Iwe Nedyalka, ndiseke kapena ndisaseke?"

"Mmene mukufunira anthu azikuonani, agogo."

"Anthu ake ati?" anatero a Stana, ndipo anaseka, mano awiri okha ali mbee. Nedyalka anajambula pomwepo.